Mbozi za pa repu zasanduka zikwa, ndizisunge kuti?

Mayi a Tadala, Leicester:
Abale anga, ndithandizeni nzeru. Sabata zitatu zapitazo ndinapita kukathyola repu womaliza kukamunda kanga ka allotment, timinda tobwereka tija tolimapo ndiwo kuno ku England, ndipo ndinapeza masamba awiri atadzaza mbozi, zija zachikasu zamawanga akuda zomwe zimadya pamodzi ngati mbuzi zolowa m'dimba. Ine chala chinali chitapita kale kuti ndizifinye, koma Tadala anandigwira chovala nkuyamba kulira, ati kusukulu anawauza kuti zimenezi zimasanduka agulugufe. Basi tinabwera nazo kunyumba, mbozi 14 m'kontena ya ayisikilimu. Zatidyera repu wochuluka kuposa amene tadya ife. Pano zisanu ndi zinayi zakwera pa chivindikiro nkusanduka zikwa, ziwiri zinafa, ndipo zitatu zatulutsa tinthu tachikasu ngati timazira m'mbali mwake koma sizikuyenda. Kontenayo ili pazenera la kukhitchini ndipo heating, zotenthetsera m'nyumba zija, tayatsa kale. Ndizitani? Mwana akufunsa m'mawa uliwonse kuti atuluka liti.

Chimwemwe, Zomba:
Anti, mbozi 14 nkumafunsa kuti ndizitani? Anyezi mulibe? Kkkkk

Mayi a Tadala, Leicester:
Iwe Chimwemwe, si mphalabungu izi. Ukangozikhudza m'manja mumatsala fungo la kabichi woola. Ngakhale mbalame zimazilambalala.

Bambo Mwale, Norwich:
Amayi, mwaswera bwanji. Zimenezo ndi mbozi za Large White, gulugufe woyera wamkulu uja wa nsonga zakuda kumapiko. Ndazisungapo kangapo ndi adzukulu anga. Ndisanayankhe ndifunse kaye: magetsi a kukhitchini kwanuko mumathimitsa nthawi yanji usiku?

Mayi a Tadala, Leicester:
Ndaswera bwino ankolo, kaya inu. Magetsi? Ine ndikaweruka mochedwa ndimaphika mpaka cha m'ma 11 koloko. Bambo a kunyumba nawo amadzuka 5 koloko nkuyatsanso. Zikukhudzana bwanji?

Bambo Mwale, Norwich:
Ndi pomwe pagona nkhani. Mbozi imeneyi ilibe kalendala, imawerenga kutalika kwa tsiku. Ikamakula mu Juni kapena Julayi, masana ali ataliatali, chikwa chake chimaswa pakangotha sabata ziwiri kapena kuposerapo pang'ono. Koma ikamakula kumapeto kwa Seputembala, dzuwa likulowa msanga, thupi lake limadziwa kuti kutsogoloku kuli chisanu, ndiye chikwacho chimagona osasuntha mpaka Epulo kapena Meyi. Tsono inu mwazisunga sabata zitatu m'chipinda chowala kuyambira 5 m'mawa mpaka 11 usiku, chofunda bwino. Mwina zina mwa izo zanamizidwa kuti kukadali chilimwe cha kuno. Zikatero gulugufe atuluka mu Novembala, panja palibe maluwa okwanira, palibe mnzake, palibe poikira mazira. Zitulutseni m'nyumba lero lomwe. Zengerezu analinda kwawukwawu.

Nabanda, Glasgow:
Eee, kodi tizilombo timeneti timawerenga maola? Ine ndimaganiza kuti ndi kuzizira kokha.

Bambo Mwale, Norwich:
Kuzizira kumathandizira, koma kumasinthasintha. Sabata ino kwafunda, sabata yamawa kwazizira. Kutalika kwa tsiku ndiye sikunama.

Mayi a Tadala, Leicester:
Panja penipeni, ankolo? Sizifa ndi chisanu? Ine ndimati ndikuzichitira chifundo poziika pofunda.

Bambo Mwale, Norwich:
Sizifa. Mukayenda pakati pa Januwale nkuyang'ana bwino pansi pa mawindo kunja, pa mipanda ya matabwa kapena pa khoma la shedi, mudzapeza zikwa zomwezi zitamatirira, chisanu chikuziwomba, ndipo zimafika Epulo zili moyo. Chimene chimazipha ndi kutentha kwa m'nyumba komwe kumaziumitsa, nkhungu ngati kontena yatsekedwa kotheratu, ndi makoswe. Chitani chonchi. Musazimatule pa chivindikiro. Mukayang'anitsitsa muona kuti chikwa chilichonse chagwira kumchira, komanso chili ndi kaulusi kamodzi kopyapyala komwe kazungulira pakati ngati lamba wa m'galimoto. Mukakadula chimagwa. Tengani chivindikirocho ndi zikwa zake, muchiimike chilili m'bokosi lokulirapo, pakamwa pa bokosi mumangepo neti, ngakhale kachidutswa ka neti yotetezera udzudzu ngati munabwera nayo. Muikemo timitengo tiwiri titatu. Gulugufe akatuluka amafuna pokwera kuti alendewere mapiko ali pansi mpaka atatambasuka ndi kuuma. Akasowa pogwira nkugwera pansi mapiko amauma ali okwinyika, sadzaulukanso. Bokosilo liikeni m'shedi kapena m'garaja yopanda heating, kutali ndi zenera lomwe limalowa dzuwa.

A Gondwe, Manchester:
Pepani ndilowerere. Ine izi sindikuzimvetsa. Chaka chino ndinabzala repu, chainizi ndi kale mizere isanu ndi umodzi, ndinagula neti ya mapaundi angapo, koma agulugufe oyerawa anapeza kabowo kamodzi basi. Pofika Ogasiti panatsala mitsitsi ya masamba yokhayokha ngati maambulera othyoka. Ndiye wina akuzilera m'khitchini, kuzipatsa ndiwo, kuti chaka chamawa zidzatidyerenso? Kumudzi anthu akulira ndi ntchembere zandonda m'chimanga, mu Disembala 2017 boma linachita kulengeza kuti m'maboma 20 mwagwa ngozi chifukwa cha mbozi. Ife kuno tikuzifunditsa bulangeti.

Chimwemwe, Zomba:
A Gondwe alankhula ngati mlangizi wa zaulimi kkkk. Koma ali ndi mfundo.

Mayi a Tadala, Leicester:
Achimwene a Gondwe, ululu wanu ndikuudziwa, repu amene anadyedwayo ndi wanga yemwe. Koma mukanamuona mwana mmene anakhalira chete maminiti 20 athunthu akuyang'ana mbozi ikuvula khungu. Inayamba kugwedezeka, khungu linang'ambika kumsana pafupi ndi mutu, nkumakwinyikira kumchira ngati sokosi, mkati mukutuluka chinthu chobiriwira chonyowa chosafanana nkomwe ndi mbozi. Mwana amene satha maminiti awiri opanda tabuleti. Ineyo mpunga unapserera pamoto.

Bambo Mwale, Norwich:
A Gondwe sakulakwa. Large White si gulugufe wosowa, ndipo asanu ndi anayi a Amayiwa sawonjezera kapena kuchepetsa kanthu ku Leicester. Wamkazi mmodzi amaikira mazira makumimakumi pa tsamba limodzi. Tisadzinamize kuti tikupulumutsa chilengedwe ndi kontena ya ayisikilimu. Izi nza mwana ndi za maso athu. Koma a Gondwe, mnzanu weniweni ali m'kontena momwemo. Amayi, tinthu tachikasu tija tifotokozeni bwino.

Mayi a Tadala, Leicester:
Tili ngati timbewu ta mpunga koma tachikasu, taubweya pang'ono, tounjikana. Pa mbozi imodzi ndawerenga 23. Mboziyo yakhala pamwamba pake, ndikaikhudza ndi kamtengo imagwedeza mutu mwaukali. Ndimaganiza kuti yaikira mazira.

Bambo Mwale, Norwich:
Mbozi siyiikira mazira, amaikira ndi gulugufe wamkulu. Timeneto ndi tizikwa ta mavu ang'onoang'ono otchedwa Cotesia glomerata, ochepa ngati nyerere, saluma munthu. Mavuwo anabaya mboziyo ikadali yaing'ono kumunda kuja nkuikira mazira m'thupi mwake. Mphutsi zake zakhala zikudya mkati mboziyo ikuyenda, ikudya repu wanu ngati palibe chachitika. Zitakhwima zinaboola khungu nkutuluka zonse nthawi imodzi, nkuluka tizikwa timeneto. Chodabwitsa nchakuti mboziyo siifa pomwepo. Imakhala pamwamba pake, nthawi zina nkuziphimba ndi ulusi wake womwe, imathamangitsa chilichonse chofika pafupi, osadya, mpaka kufa. Ikulondera ana a amene waipha.

Nabanda, Glasgow:
Mayo ine. Ndiye mwanayo mumuuza bwanji zimenezi?

A Gondwe, Manchester:
Amenewo ndiye munditumizire pa positi. Ndilipira ndine.

Aphunzitsi, Kasungu:
Moni nonse. Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Inu mukutsekera nyengo, ife kuno ndiye tikuyembekeza kuti itseguke. Kwatentha koopsa, mitengo ya m'tchire yaphuka kale masamba ofiira aja, tikungodikira chizimalupsa. Mvula ikangogwa ngumbi zituluka, kenako agulugufe adzadzaza pa matope a m'mbali mwa msewu. Pamene ndinkaphunzitsa Sitandade 5 ndinkachita zomwe akuchita Mayi a Tadala, koma ndi mbozi za pa mtengo wa mandimu. Ikakhala yaing'ono imaoneka ndendende ngati chitosi cha mbalame, yakuda ndi yoyera, moti ana ankakana kuti ndi chamoyo. Ikakula imasanduka yobiriwira, ndipo ukaigunda kumutu imatulutsa tinyanga tiwiri tofiirira tonunkha. Gulugufe wake ndi wamkulu uja wakuda wamawanga achikasu amene sakhazikika pa duwa, amamwa mapiko akunjenjemera. Tinkaika m'botolo la pulasitiki lodula pamwamba, nthambi ya mandimu yatsopano tsiku lililonse. Chimene ndinaona nchakuti ana ambiri, ngakhale makolo awo, sankadziwa kuti mbozi ndi gulugufe nchinthu chimodzi. Bambo wina anabwera kusukulu kudzandifunsa ngati sindinasinthe usiku.

Chimwemwe, Zomba:
Aphunzitsi, ndiye mphalabungu nazo zimasanduka agulugufe? Tikudya agulugufe ife?

Aphunzitsi, Kasungu:
Mwana wanga, ukudya ana a agulugufe a usiku, akuluakulu aja amapiko okhala ndi mawanga ngati maso, amene umawapeza m'mawa atakakamira pa khoma pafupi ndi babu. Zambiri mwa mbozi zodyedwazi zikakhuta zimatsika mumtengo nkulowa m'nthaka, zimagona mmenemo chilimwe chonse mpaka nyengo ya mvula itayandikira. Nzofanana ndi za Mayi a Tadala, kungoti zawo zikuthawa chisanu, zathu zikuthawa chilala. Akuluakulu akale ankaletsa kutola zonse, komanso kugwetsa mtengo pofuna mbozi za pamwamba. Masiku ano munthu amabwera ndi nkhwangwa, chaka chamawa nkumadabwa kuti mphalabungu zapita kuti.

Naphiri, Johannesburg:
Kuno kwathu agulugufe oyera amabwera cha mu Disembala kapena Januwale, koma si a pa kabichi. Amawatcha brown-veined white. Amachokera kumadera ouma a ku Kalahari ndi Karoo nkumalowera kumpoto chakum'mawa, kumbali ya Mozambique. Zaka zina amadutsa masiku angapo osaleka, pamsewu, pamwamba pa mipanda, onse mbali imodzi ngati akupita kumaliro. Chaka changa choyamba ndinathamangira kukaphimba ndiwo zanga, aneba akundiseka kuti amenewa sadya zimenezo, mbozi zake zimadya masamba a mtengo wa m'tchire.

Nabanda, Glasgow:
Poti ankolo a Mwale alipo, nane ndili ndi langa. Loweruka ndikuchotsa makatani a m'chipinda cha alendo ndinapeza chinthu chakuda chitamata pakona, ndimayesa tsamba louma. Nditachikhudza chinatambasula mapiko, ofiira, maso anayi akuluakulu akundiyang'ana, ndipo chinalira kuti fwaa ngati njoka. Ndinaponya katani uko. Kuyambira pamenepo chikumauluka pazenera masana heating ikayaka. Nditsegule zenera chizipita?

Bambo Mwale, Norwich:
Ameneyo ndi Peacock, achemwali, ndipo phokosolo amalichita popekesa mapiko kuti aopseze mbewa. Mwaona kuti zimagwira ntchito. Iyeyu sagona ngati chikwa, amadutsa nyengo yozizira ali gulugufe wamkulu kale. Kuno alipo ochepa otere: Peacock, Small Tortoiseshell, Comma ndi Brimstone, komanso masiku ano Red Admiral ena kummwera kwa England. Awiri oyambawo ndi amene amakonda kulowa m'nyumba kumapeto kwa chilimwe, chipinda chikadali chozizira ndi chamdima. Tikayatsa heating amadzuka, nkumawononga mafuta a m'thupi omwe anasungira miyezi isanu. Ngati kunja kwazizira kwambiri kapena kukugwa mvula musamutulutse. Mugwireni ndi kapu ndi pepala, muike m'bokosi la nsapato, bokosilo pamalo ozizira kwa theka la ola kuti adekhe. Akadekha kamuikeni pa khoma kapena pa denga la mkati mwa shedi, pouma, kopanda akangaude ambiri. Chachikulu musaiwale kuti pofika Marichi pakhale mpata wotulukira. Ambiri amafera pa zenera la shedi tsiku loyamba lofunda chifukwa chitseko nchokhoma.

Nabanda, Glasgow:
Ine ndimakhala m'fulati, shedi ndilibe. Koma pansi pali kachipinda kosungiramo njinga, kozizira ngati mochale.

Bambo Mwale, Norwich:
Komweko. Mungolemba pa foni kuti Marichi akafika mukamuone.

Nabanda, Glasgow:
Zikomo. China, ndinagulira mdzukulu wanga mbozi za pa intaneti zija zimabwera m'kakapu ndi chakudya chake chonga phala. Anachedwa kutumiza, zinafika kumapeto kwa Seputembala, ndipo agulugufe anayi atuluka dzana. Mtundu wake ndi Painted Lady. Nawonso ndiwaike ku njinga?

Bambo Mwale, Norwich:
Ayi, amenewo sagona. Painted Lady sapirira chisanu cha kuno, kaya ali dzira, mbozi, chikwa kapena wamkulu. Ndi wapaulendo. Dikirani tsiku loyamba la dzuwa, cha masana, muwatulutse. Mwayi wawo ndi wochepa kuchokera ku Glasgow nthawi ino, sindikunamizani, koma m'nyumba ndiye mulibiretu. Kale anthu kuno ankakhulupirira kuti onse amangofa nyengo yozizira ikafika, chifukwa palibe amene ankawaona akubwerera. Mu 2009 anabwera ochuluka zedi, ndipo akatswiri anawatsata ndi radar, makina oonera zouluka m'mwamba, nkupeza kuti amabwerera kummwera ali m'mwamba, mamita 500 ndi kuposa, komwe diso silifika. Ulendo wonse, kuchokera ku Africa mpaka kumpoto kwenikweni kwa Ulaya ndi kubwerera, ndi makilomita pafupifupi 14,000, ndipo sautha mmodzi. Zimatengera mibadwo mpaka isanu ndi umodzi. Amene akunyamuka pano akupita kumene sanafikeko, kumene kunachokera agogo a agogo ake.

Chimwemwe, Zomba:
Opanda visa, opanda bank statement, opanda TB test. Ine fomu yanga yabwerera kawiri.

A Gondwe, Manchester:
Kkkkk mphwanga, mera mapiko.

Aphunzitsi, Kasungu:
Bambo Mwale, amafika mpaka kuno?

Bambo Mwale, Norwich:
Mtundu wake ulipo kumudziko, mwawaonapo ndithu, ofiirira amawanga akuda ndi oyera kunsonga. Koma ochokera ku Ulaya amene anatsatidwa amawoloka Sahara nkukaswana kumadera a udzu kummwera kwa chipululucho, cha ku Senegal, Chad, mpaka kum'mawa uko, mvula ikangotha kumene. Ena mphepo imawasocheretsa. Mu Okutobala 2013 katswiri wina wa ku Spain, Gerard Talavera, anapeza angapo pagombe ku French Guiana, ku South America, mapiko atang'ambikang'ambika. Anafufuza zaka khumi, mpaka kuyeza mungu womwe unali pa matupi awo, nkupeza kuti ndi wa zomera za kumadzulo kwa Africa. Anawoloka Atlantic, makilomita 4,200. Zotsatira zake zinatuluka mu 2024.

Naphiri, Johannesburg:
Ankolo, inu munayamba liti zimenezi? Kumudzi munthu wamkulu wothamangitsa agulugufe akanamutengera kwa asing'anga.

Bambo Mwale, Norwich:
Kkkk nditapuma pantchito, mwana wanga. Adokotala anati ndiziyenda, ndipo kuyenda wopanda choyang'ana kumatopetsa. Ndinayamba ndi Big Butterfly Count, kuwerenga kuja kwa mu Julayi ndi Ogasiti komwe bungwe la Butterfly Conservation linayambitsa mu 2010. Umakhala pamalo amodzi maminiti 15 nkulemba amene waona. Mu 2024 zotsatira zinali zoipa kuposa zaka zonse za m'mbuyo, pafupifupi agulugufe 7 okha pa kuwerenga kulikonse, ndipo ine m'munda mwanga ndinakhalapo maminiti 15 osaona ngakhale mmodzi. Dziko lonse lino la UK lili ndi mitundu 59 yokha ya agulugufe, ndiye sizivuta kuiphunzira. Amene akufuna kuona omaliza a chaka chino asapite kutali. Funani khoma kapena mpanda wokutidwa ndi ivy, chomera choyanga chija, wakale amene wachita maluwa, timaluwa tobiriwira tosaoneka bwino tonunkhira ngati uchi wosasa, mbali yoyang'ana dzuwa, pakati pa 11 ndi 2 koloko. Lachiwiri ndinawerenga ma Red Admiral asanu ndi Comma mmodzi pa mpanda wa kuseri kwa tchalitchi. Ena anali pansi pa mtengo wa maapulo akumwa madzi a zipatso zoola, oledzera ndithu, mmodzi anatera pa nsapato yanga osafuna kuchoka. A Gondwe, mukafuna kuthandiza agulugufe osataya repu wanu, musadule ivy asanathe maluwa, ndipo musiye ma nettle, zitsamba zoyabwa zija, pakona ina yowala dzuwa. Peacock, Red Admiral, Comma ndi Small Tortoiseshell onse mbozi zawo zimadya zoyabwa zimenezo, ndiwo zanu sazikhudza.

A Gondwe, Manchester:
Ma nettle ndiye ndili nawo ambiri, komiti ya allotment inandilembera kale kalata. Ndiwauza kuti ndi dala.

Mayi a Tadala, Leicester:
Ndabweranso abale, patapita masiku asanu. Ankolo munanena zoona, ndipo ine ndinazengereza. Ndinali ndi mashifiti a usiku awiri otsatizana, bokosi sindinalipeze msanga. Lachitatu madzulo Tadala anandiitana kuti chimodzi chasintha mtundu, nditayang'ana ndinaona nsonga yakuda ya phiko ikuonekera mkati mwa chikwa ngati kudzera m'pepala lonyowa. Lachinayi m'mawa tinapeza gulugufe ali lende pa chivindikiro, mapiko okwinyika ngati nsalu yochokera m'beseni, ndipo pasanathe ola anali atatambasuka. Pansi pake anadonthetsa kadontho, mwana nkuyamba kulira kuti wavulala.

Bambo Mwale, Norwich:
Sanavulale, ndi zotsalira za m'thupi zomwe amataya akangotuluka. Ali ndi madontho awiri akuda pamwamba pa phiko lililonse lakutsogolo?

Mayi a Tadala, Leicester:
Eya, awiri, ndi kamzere.

Bambo Mwale, Norwich:
Wamkazi ameneyo. A Gondwe asamve.

A Gondwe, Manchester:
Ndamva kale.

Mayi a Tadala, Leicester:
Tinamupatsa madzi a shuga pa thonje, anatambasula kamlomo kake kopota kaja nkumwa pang'ono. Tadala atabwera kusukulu dzuwa linali litapita, ndiye tinadikira Loweruka, kunali madigiri 14, tinapita naye pa ivy wa kumpanda wa paki. Anakhala pa chala cha mwana kanthawi, kenako anakwera pamwamba pa mpanda, sitinamuonenso. Zisanu ndi zitatu zotsalazo zili m'shedi, m'bokosi la neti, pa shelefu ya pamwamba. Za mavu ndinamuuza zoona zake zonse. Ndimayembekeza kulira, koma anangofunsa ngati mavuwo nawo ali ndi amayi awo, kenako anati tiwasunge. Ali m'botolo lawolawo la jamu, chivindikiro chobowola.

Aphunzitsi, Kasungu:
Mwanayo mumugulire kope, azilemba tsiku ndi zomwe waona. Kuno kwagwa kamvula usiku wathawu, fumbi lokha lazima.

Mayi a Tadala, Leicester:
Kope ali nalo kale, aphunzitsi. Pa bokosi walembapo ndi cholembera chofiira kuti "Musatsegule mpaka Epulo, makamaka adadi," poti bambo ake anafuna kuika zitini za penti pamwamba pake.